Pa Luangwa ndi MG ya amalume

Lachisanu usiku, Chipata

Mawa m'mamawa tinyamuka. Ndikulemba ndili pakhonde kwa amalume ku Kapata, manja akununkhabe petulo ngakhale ndasamba kawiri ndi sopo wochapira. Eni ake akadali m'galaja, agona chagada pa saka, tochi ili kukamwa, akusakasaka podontha oyilo.

Galimoto yake ndi MGB ya 1969, yofiira, ya anthu awiri basi, denga lake la nsalu lochita kupinda. Inapangidwa ku Abingdon ku England. Amalume anaigula mu 1978 kwa mphunzitsi wina wachizungu amene ankabwerera kwawo, atagulitsa ng'ombe zinayi za kumudzi, ndipo nkhani ya ng'ombe zimenezo imatulukabe pamaliro ndi pamaukwati a kwathu mpaka lero. Ine ndinakula ndikuiona ili pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala. Atapuma ntchito ku galaja ya boma m'pamene anayamba kuidzutsa, kachitsulo kamodzikamodzi, mwezi uno mabuleki, mwezi wamawa ladiyeta, malinga ndi mmene penshoni yalolera.

Tsopano ikuyenda. Koma iwo akuti galimoto sinachire ngati sinakwere mapiri a ku Luangwa osawira. Ndiye tikupita pa mlatho wa Luangwa, makilomita pafupifupi 340 kuchokera pano, n'kubwerako. Maso awo anafooka, adokotala anawaletsa kuyendetsa pamsewu. Ana awo aamuna ali ku Lusaka ndi ku Kitwe, ntchito yawagwira. Ndatsala ine, mwana wa mlongo wawo, amene ndazolowera kaVitz kanga kosintha kokha magiya. Kwa masabata atatu akhala akundiphunzitsa kilachi pamsewu wa ku Mfuwe, madzulo magalimoto akachepa. Lolemba ndi Lachiwiri ndi tchuthi cha Heroes ndi Unity, kusukulu kwathu kulibe maphunziro, ndiye nthawi yapezeka.

M'buti mwadzaza kale: masipanala, jeke, hamala ya mkuwa yomasulira magudumu, chigubu cha madzi, oyilo, fanibeluti, waya. Chikwama changa chapeza malo kumbuyo kwa mipando. Azakhali atiphikira mbatata ndi mtedza. Pondipatsa anangoti, "Mukandibwezere mdala wanga. Chitsulocho kaya."

Ndili ndi mantha, ndisabise. Ndikuopa mathiraki.

Loweruka, Katete

Tinadzuka 5 koloko, kuzizira kwa Julaye kukulowa m'mafupa. Kuliza galimoto imeneyi kuli ndi mwambo wake. Umatembenuza kiyi pang'ono n'kudikira. Kumbuyo kwa mpando kumamveka kapampu ka petulo, tiki-tiki-tiki, mofulumira, kenako pang'onopang'ono, kenako zii. Ndiye kuti makabuleta, tizipangizo tosakaniza petulo ndi mpweya, akhuta. Ukatero umakoka choko n'kuliza. Ine ndinafuna kuliziratu, amalume n'kundigwira dzanja. "Dikira, mphwanga. Ikuuza yokha."

Denga analipinda tisanatuluke pageti, kuzizira konseko. Ndinamanga duku, iwo chipewa cha ubweya mpaka m'makutu.

Munthu umakhala pansi kwenikweni, miyendo tambalale ngati uli pamphasa. Ukatsitsa dzanja kunja kwa chitseko umatsala pang'ono kukhudza phula. Thiraki yoyamba yopita ku Mwami itatidutsa, matayala ake anali pamwamba pa mutu wanga, mphepo yake n'kutikankha, ndipo ndinagwira chiwongolero mpaka zala kuchita dzanzi. Mahampu nawo ndi nkhondo. Galimotoyi inatalikirana ndi nthaka masentimita 13 okha, ndiye hampu iliyonse umaiwoloka mopingasa, gudumu limodzilimodzi, uku a njinga akukupitirira.

Titadutsa Mtenguleni mapewa anamasuka, ndipo ndinayamba kumva zinthu zimene sindinazimvepo pamsewu umene ndaudutsa kosawerengeka. Pa dambo pamazizira kuposa pamtunda, umachita kumva pa masaya kuti tatsika. Kenako utsi wa lupsa, kenako fungo la makala, kenako la ng'ombe. Mu Vitz ndimadutsa ponsepa mawindo ali otseka, wailesi ikulira. Wotchi ya liwiro ya MG imawerenga mamailosi. Singano ikafika pa 50 ndiye kuti tili pa makilomita 80 pa ola, koma thupi limamva ngati tikuuluka. Injini yake ndi ya 1798 cc, galimoto yonse sikwana tani imodzi. Amalume amavomera okha kuti Corolla iliyonse ya masiku ano ikhoza kuisiya m'mbuyo. Akuti zilibe kanthu: mu Corolla munthu umafika, muno umayenda.

Iwo njira yonse anali atatsinzina. Ndinkayesa agona, mpaka ndinamva, "Sintha giya, ikulira mopempha." Patsogolo pang'ono, "Wamva kamluzu ako? Ndi fanibeluti, tikaikoke pa Katete." Ine sindinamve kalikonse.

Pa tollgate tinalipira K20. Mayi wa pawindo anachita kuimirira n'kusuzumira pansi kuti alandire ndalama, kenako anaitana mnzake kuti adzaone.

Pa Katete tinadya nsima ya nkhuku ya kumudzi, mbale K50, galimoto ili panja itazingidwa ndi anthu. Mmenemo ndi mmene ndinawafunsa funso limene ndakhala nalo kuyambira ndili mwana, loti chinawalowa n'chiyani.

Anasamba m'manja kaye. Akuti munali mu 1963, ali ndi zaka 12, tauni yathu ikadali Fort Jameson. Anabwera ndi bambo awo kudzagulitsa mtedza. Pakhomo pa sitolo ina panaima galimoto yopanda denga, yoyera, yotsika ngati ng'ona. Inali MGA, mkulu wake wa iyi. Masiku amenewo zinthu zotero zinali za azungu okhaokha. Anayandikira mpaka anaona nkhope yawo m'chitsulo chonyezimira cha kutsogolo, ndi kachizindikiro ka makona 8 kokhala ndi zilembo ziwiri. Mlonda anawakalipira. Mwini wake atatuluka n'kuiliza, iwo anaithamangira mpaka fumbi linawatsamwitsa, bambo awo akuitana m'mbuyo.

"Kuchokera tsiku limenelo," anatero, "magalimoto anga onse a waya anali opanda denga. Pa sileti ndinkajambula makona 8. Kulowa umakaniko ndinalowera imeneyo. Zaka zambiri ndakhala pansi pa ma Land Rover a boma, mtima uli pa galimoto ndinaiona kamodzi."

Tagona kwa msuweni wa amayi. Makilomita 90 okha tsiku lonse. Amalume akuti sitikuthamangira maliro. Madzulo anatsegula boneti, ana a pamudzi ali bii mozungulira. Anachotsa mapulagi anayi n'kuwayandikitsa kumaso. Pulagi yabwino, akuti, imaoneka ngati mtedza wokazinga. Ikada ndiye kuti petulo wachuluka, ikayera wachepa. Kenako anatenga kapaipi ka labala, mbali ina kukhutu, ina pakamwa pa kabuleta yoyamba, kenako pa yachiwiri. Makabuleta ake, a mtundu wa SU, ali awiri ndipo ayenera kupuma mofanana. Anandipatsa kapaipi. Poyamba ndinangomva phokoso. Kachitatu ndinamva: wakutsogolo ukuti sssss, wakumbuyo ukuti shhhh, motsikirako. Anapotokola kasikuluwu pang'ono ngati kutsina mchere. Mawu awiri aja anasanduka amodzi, ndipo galimoto yonse inaleka kunjenjemera. Tsitsi linandiimirira.

Lamlungu, pakati pa Sinda ndi Petauke

Ndikulemba pa foni, batire ili pa 23. Ndakhala pa mwala m'mbali mwa msewu. Galimoto yafa.

Tinanyamuka titatuluka m'tchalitchi. Titadutsa Sinda inayamba kutsokomola, n'kuphulika kawiri ku ekizozi, n'kuzima. Ndinaikokera kumbali pansi pa mtengo wa mango, mtima ukugunda kukhosi. Ndinayesa ndalakwitsa ndine.

Amalume sanadandaule n'komwe. Anavula jekete n'kuipinda bwinobwino pampando. "Injini imafuna zinthu zitatu: petulo, moto, mpweya. Tiye tifunse chimodzichimodzi." Pampu ikugunda, petulo akufika. Mpweya ulipo. Anazula waya wa pa koyilo, n'kundiuza ndilize. Moto wake unali wofiirira, wofooka, m'malo mokhala wobiriwira wothetheka. Atatsegula chipewa cha distribyuta, kachipangizo kogawa moto ku mapulagi, tinapeza mapointi apsa. Anapala ndi kasandipepala, koma anati wolakwa weniweni ndi kondensa, kachitsulo kofanana ndi chala chaching'ono. Anali watsopano, wogula chaka chatha. Wapadera analibe. Pa zonse zili m'buti, chimenechi chokha.

Panafika mnyamata pa njinga yamoto, makaniko wa pa Sinda, wamtima wabwino. Anafunsa pomwe angalumikize kompyuta yake. Amalume anamuonetsa injini yonse, kuti aone yekha kuti mulibe pobisika. Mnyamatayo anatulutsa sipanala ya 13 kuti athandize, iwo n'kumuletsa mofatsa: mabawuti a galimotoyi ndi a mainchi, hafu inchi ndi mamilimita 12.7, ndiye 13 imaterereka n'kudya makona. Anamubwereka yawo. Anaigwira ngati dzira.

Chithandizo chinachokera kwa bambo wa pachigayo cha tsidya la msewu, atayera ufa mpaka nsidze. Atamva vuto anati kumudzi wina, makilomita ngati 6 kulowa m'kati, kuli Land Rover yakale ya petulo imene inafa kalekale. Nkhope ya amalume inawala. Ma Land Rover a nthawi imeneyo anali ndi distribyuta ya Lucas ya mtundu womwewo ndi wa MG. Anakwera kumbuyo kwa njinga yamoto, mdala wa zaka zoposa 70, sikuludiraiva ili m'thumba la malaya, n'kulowera m'kanjira ka fumbi.

Papita maola awiri. Mathiraki akamadutsa nthaka imagwedezeka. Mayi wina wa nyumba yapafupi wandibweretsera thobwa m'kapu yachitsulo ndi kampando. Ndalama wakana, akuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anyamata awiri ogulitsa mbewa asiya malonda n'kudziika okha kukhala alonda a galimoto, akuthamangitsa anzawo ofuna kugwira magalasi. Wamng'onoyo wakhala nthawi yaitali akuyang'ana nkhope yake mu bampala. Sindinamuletse.

Dzuwa likupendeka. Ndikuopa kuti agwa panjinga, kapena Land Rover ija inagulitsidwa kwa ogula zitsulo.

Usiku womwewo, Petauke

Anabwera atatu panjinga imodzi. Wachitatu anali mwini Land Rover, ambuye ena aatali ovala jasi lankhondo. Kondensa anapereka ulere. Malipiro awo anati akufuna kudzamva ikulira. Amalume anamanga kachitsulo kaja, kakuda ndi dothi la zaka zambiri, n'kuyeza mpata wa mapointi. Tiki-tiki-tiki, zii. Ndinaliza kamodzi kokha. Anthu onse anakuwa ngati chalowa chigoli, mayi wa thobwa n'kuimba nthungululu. Ambuye aja tinawakhazika pampando wa dalaivala, mawondo akugunda chiwongolero, n'kuponda mafuta kawiri. Sanayankhule. Potuluka anagwira dzanja la amalume ndi manja onse awiri.

Makilomita otsalawo tinayenda mumdima. Nyali zake ndi zachikasu, zofooka, ndipo za mathiraki zimakulasa m'maso penipeni chifukwa uli pansi. Panali ngolo ya ng'ombe yopanda chowala chilichonse imene ndinaiona nditaifika kale. Popatuka kulowa ku boma la Petauke miyendo inali ikunjenjemera pa kilachi. Chipinda K300. Madzi otentha atipatsa m'ndowa. Ndatopa moti nsima ndaisiya theka.

Lolemba m'mawa, Petauke

Ndinadzutsidwa ndi mkangano pabwalo. Nditasuzumira ndinapeza amalume ndi mwini nyumba ya alendoyi, mdala mnzawo, aima pa MG, makapu a tiyi ali m'manja, mawu ali m'mwamba.

Bamboyo ndi munthu wa Datsun. Akuti galimoto za ku England zimadontha oyilo zikadali m'sitolo, ndipo galimoto yeniyeni ndi Datsun 240Z, ya masilinda 6, malita 2.4, imene inapambana mpikisano wa Safari ku East Africa mu 1971, n'kubwerezanso mu 1973 ndi Shekhar Mehta. Ali mnyamata, nthawi ya Pasaka ankakhala khutu lili pa wailesi kuti amve amene akutsogola m'matope a ku Kenya. Amalume anamusiya amalize, kenako anamufunsa kuti makabuleta a 240Z ndi a mtundu wanji. Anapangidwa ndi Hitachi, inde, koma motengera SU yomweyi ili apa. Bamboyo anaseka mpaka tiyi kutayika, n'kunena kuti mwana akaposa bambo ake si mlandu.

Pa dzina limodzi anagwirizana osakangana: Satwant Singh, wa kwathu konkuno ku Zambia, amene anakhala katswiri wa Africa yonse pa mipikisano ya rally maulendo 8. Onse awiri anaimapo m'tchire kudikira galimoto imene imadutsa m'kuphethira kwa diso n'kukusiyira fumbi m'mano, ndipo onse awiri akuti ankabwerera kunyumba okhuta.

Chimene chandikhudza ndi ichi. Bamboyo 240Z sanakhalepo nayo. Chimene ali nacho ndi kaDatsun 1200 kabokosi kumbuyo, konyamulira makreti. Koma anatitengera mu ofesi, n'kutsegula kabati, n'kutulutsa chithunzi chodula m'magazini, chofiirira ndi ukalamba, chokutidwa ndi pulasitiki. Wachisunga kuyambira ali kusekondale. Amadziwa kukula kwa injini yake, kulemera kwake, chaka chimene inatuluka, 1969, chaka chimodzi ndi MG yathu. Ine ndinkaganiza kuti matenda a amalume amabwera chifukwa chokhala nayo galimoto. Uyu alibe, koma akudwala mofanana.

Ndalama ya chakudya cham'mawa anakana. Anatipempha chimodzi: kuti timuzungulitse mpaka pamsika n'kubwerera. Amalume anatsika n'kumupatsa mpando.

Lolemba usiku, Nyimba

Tafika pa mlatho, ndipo tabwerako.

Pa Nyimba tinangomwetsa petulo n'kugula phava la nthochi K15. Kuchokera pa Kacholola msewu umayamba kukhotakhota, kutsika, kukwera, kutsikanso, mapiri ali mbuu ndi utsi. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake galimotoyi inapangidwa motere. Chiwongolero chilibe chothandizira, chimalemera ukaima, koma pakona chimakuuza zonse: pomwe phula lasalala, pomwe pali timiyala, pomwe gudumu lakutsogolo layamba kutopa. Umatsitsa giya, injini n'kukweza mawu, galimoto n'kulowa pakona ngati yamva maganizo ako. Pa makona ena ndinazindikira kuti ndikumwetulira ndekha. Amalume sanandiuzenso kuti sintha.

Kumunsi kunatentha, tinavula majuzi. Mlathowo ndi wa 1968, wopachikidwa pa zingwe zachitsulo, wamkulu chaka chimodzi kuposa galimoto yathu. Asilikali a pamenepo anatiimitsa nthawi yaitali kuposa ena, osati chifukwa cha mapepala. Mkulu wawo ankafuna kudziwa mabatire ali kuti. Ali awiri, a mavolti 6 lililonse, pansi kuseri kwa mipando. Tinawoloka pang'onopang'ono, madzi ali ochepa, mchenga uli mbee.

Pamsika wa tsidya lija, pakati pa madengu ndi nsomba zouma, tinadya nsomba yokazinga, K40 imodzi. Ndinawafunsa chifukwa chimene galimoto inakhalira pa njerwa zaka zonse zija, iwo ali makaniko.

Akuti zaka za m'ma 1980 zinali zowawa. Mtengo wa kopa unagwa, ndalama zakunja kunalibe, sipeya sankapezeka. Magasiketi ankadula pa makatoni, mapaipi ankalumikiza a galimoto zina. Inkayendabe. Mu 1992 injini inagogoda, mabeyaringi atatha, ndipo ndalama yoikonzera inali yofanana ndi fizi ya ana. Anaikweza pa njerwa kuti mpaka chaka chamawa. Chaka chamawa chinabwera ndi fizi inanso. Kenako bambo anga anamwalira, ndipo pa ana ofuna fizi panawonjezeka ine ndi mng'ono wanga.

Izi sindinkazidziwa. Nsomba inandikanika kumeza.

Anthu atatu anabwerapo ndi ndalama m'manja, wina wochokera ku Lilongwe. Azakhali anawapempha agulitse, denga la nyumba likudontha, ndipo amalume akuti mayiwo sankalakwa. "Ndinawalakwira, ndikudziwa. Koma mwezi uliwonse ndinkapita kuseri kuja, n'kuthira timadontho ta oyilo m'mabowo a mapulagi, n'kuzunguza injini ndi dzanja kuti isagwirane. Ndikatero ndinkadziwa kuti sindinathe. Ntchito ya boma inali ya boma, malipiro anali a ana. Ichi chokha chinali changa."

Chimene chinaipulumutsa n'chakuti ma MGB anapangidwa ambiri, oposa 500,000 kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo ku England akupangabe zipangizo zake, ngakhale thupi lonse latsopano. Mdzukulu wawo atawaonetsa intaneti anapeza kuti chilichonse chimene anachisowa zaka 20 chili ndi nambala ndi mtengo. Anapezanso anzawo, madala a ku South Africa ndi ku England amene sanaonanepo nawo maso, otumizirana zithunzi za mabawuti pa WhatsApp usiku. Mutu wa injini anautumiza ku Lusaka kukauika mipando yolimba ya mavavu, chifukwa petulo wa mtovu amene injinizi zinapangidwira anasiya kugulitsidwa kuno.

Tinanyamuka 2 koloko, dzuwa lili paliwombo, dala. Mayeso ake ndi amenewo.

Chitunda choyamba singano ya kutentha inali pakati. Chachiwiri inasuntha. Patsogolo pathu panali thiraki ya feteleza ikukwawa, popitirira palibe, ndiye tinakhala m'mbuyo mwake pa giya yachiwiri, mphepo yosalowa mu ladiyeta. Singano inayamba kutsamira ku H. Amalume anayandikitsa nkhope pa wotchiyo mpaka mphuno kutsala pang'ono kuigunda. "Tsegula hita," anatero. Kutentha konseko? "Tsegula yonse. Imabako moto wa injini." Mapazi anga anapsa ngati ndaponda pa phulusa. Thukuta linkalowa m'maso. Ndinayamba kupemphera chamumtima, ndipo ndinadabwa kuti sindikupempherera ife, ndikupempherera galimoto.

Dalaivala wa thiraki anatulutsa dzanja n'kutikodola kuti dutsani. Ndinaponda. Injini inabangula, tinadutsa, mphepo inalowa, ndipo singano inaima, n'kuyamba kubwerera pang'onopang'ono ngati mwana wobwezedwa pakhomo. Pamwamba pa chitunda chomaliza amalume anati ndiime. Anatsika, n'kuika dzanja pa boneti, n'kumvetsera. Sinkawira. Anavula chipewa n'kuima choncho nthawi ndithu, atandifulatira. Ndinawasiya.

Tisanafike pa Kacholola pali bwalo la mpira m'mbali mwa msewu, lopanda udzu, magolo ake a mitengo. Maganizo anandibwerera ndekha. Ndinakhotera pomwepo, n'kutsika, n'kuwatsegulira chitseko cha dalaivala. Anandiyang'ana. Ndinati pano si pamsewu, adokotala sanatchule bwalo la mpira.

Analowa mmene munthu amalowera m'nyumba yake usiku, osafufuza pali chiyani. Giya yoyamba, yachiwiri, osamveka n'komwe posintha. Anazungulira bwalo lonse, fumbi lofiira likukwera m'mbuyo, ndipo ana anatulukira mbali zonse n'kuyamba kuithamangira, ena opanda nsapato, wina atanyamula mng'ono wake kumsana. Anazungulira kasanu. Pomaliza anaima pakati pa bwalo n'kuwalola onse kuti aigwire.

Lachiwiri, Chipata

Makilomita pafupifupi 250 lero, osaima kupatula pomwetsa petulo ndi pa Sinda, pomwe tinasiyira mayi wa thobwa nsomba zouma za ku Luangwa, zina n'kupatsa bambo wa pachigayo kuti akafikitse kwa ambuye a Land Rover. Nkhope yanga yapsa ndi dzuwa, msana ukuwawa, m'makutu mukulirabe mphepo.

Tinalowa m'tauni 4 koloko, mapiri a Chipata ali patsogolo. Azakhali anali pageti, akuti anaimva ikadali kumsika. Anayang'ana mdala wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako galimoto, n'kufunsa kuti, "Yawira?" Atamva kuti ayi anagwedeza mutu n'kulowa kukatereka madzi. Dengu limene tinawagulira pa mlatho analilandira ndi manja awiri.

Ine ndinkayesa amalume akapuma. Ndinawapeza m'galaja ndi kabuku kawo kakuda ndi girizi, akundidikira kuti ndiwalembere, poti zilembo zazing'ono saziona. Kondensa wapadera, awiri. Ladiyeta itsukidwe. Gudumu lakumbuyo kumanzere lili ndi sipoko yomasuka. Nyali zakutsogolo. Akutchula akumwetulira, ngati akuwerenga mayina a alendo a paukwati.

Ndinawauza kuti awonjezere china: kuyambira pa Katete, ndikasiya mafuta pa giya yachitatu, pansi kumanja pakumveka kachitsulo kogogoda. Anakhala chete, n'kundifunsa kuti kakugogoda motani. Ndinayeserera ndi pakamwa. Anati mwina ndi chomangira ekizozi, mwina ayi, tikaona tikaikweza pa jeke.

Loweruka 7 koloko ndikhale nditafika, ndivale zovala zakutha.